Waya Wopotera Kumanzere

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi kukupatsani moni, inu ndi alamu anga pamodzi ndi ana. Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Nanga chifuwa chija chinkasautsa mwana wamng'onoyo chinasiya? Ine ndili bwino, kupatula chala chapakati chomwe ndinachitswanya ndi sipanala, koma zimenezo n'za tsiku ndi tsiku kwa munthu wa ntchito ngati yanga. Amayi akudzuka, miyendo yokha ndiyo ikumatupa madzulo. Za Bambo ndikuuzani pang'onopang'ono, chifukwa ndiwo andichititsa kugwira cholembera.

Mwina mukudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Ndinaganiza zotero, koma ndimakudziwani. Pafoni mukanandidula mawu ndisanafike pakati, ine n'kupsa mtima, tonse n'kumakuwa, nkhani osamveka. Papepala simungandidule. Ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Ndili kunyumba. Kugalaja anandipatsa tchuthi, ndipo ndinati m'malo mongogona m'kachipinda kanga ka lendi ndikaone makolo. Nditangolowa pageti, ndisanatule n'chikwama chomwe, mphuno yanga inandiuza kuti pabwalo pakutayika petulo. Mukudziwa kuti mphuno imeneyi ndi imene imandidyetsa.

Pikapu ya Bambo ndinaipeza pamalo ake omwe aja, pansi pa shedi ya malata, boneti ili yasa. Bambo anali atawerama m'menemo, atavala ovolosi yawo yabuluu ija imene tsopano yatuwa. Atamva mawu anga anaweramuka n'kundiitana dzina lija anandipatsa ndili kamwana, lakuti Sipanala, ndipo anandipatsa mkono m'malo mwa dzanja chifukwa manja anali a girisi okhaokha. Ndinagwada n'kusuzumira pansi pa galimoto. Pansi pa thanki panali banga lakuda lonyowa, ndipo chapafupi pomwepo ndi pamene Amayi amayatsira mbaula.

Ndinawafunsa Bambo kuti galimotoyo kwenikweni ikuvuta chiyani. Anandiuza kuti chichokereni inu ulendo womaliza uja, sinatulukepo pageti. M'mawa akailiza imalira bwinobwino ngati yatsopano, koma ikangolira kanthawi imayamba kutsokomola n'kuzima. Akayesanso, zii. M'mawa mwake imaliranso kanthawi komweko. Anati kabuleta aimasula n'kuitsuka kambirimbiri, moti akhoza kuimanga ali m'tulo. Pampu anasintha, sefa ya mafuta anasintha, mapulagi anasintha. Anaitanapo amakaniko a m'dera lino, ndipo onse anangosuzumira pamwamba n'kunena kuti galimotoyo yakalamba, zipangizo zake sizipezekanso.

Kenako ananena mawu amene anandilasa. Anati mwina si galimoto imene yakalamba, koma mwini wake. Anati munthu amene wayendetsa malole moyo wake wonse, amene ankadziwa vuto la injini pongomvetsera, lero kapikapu kake komwe kakumuzunguza mutu ngati wongoyamba kumene. Ponena zimenezi anaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha.

Simukufunika kuuzidwa kuti pikapu imeneyi n'chiyani kwa Bambo. Njerwa za nyumba ino inanyamula ndi iyo. Odwala a m'mudadada uno, amayi oyembekezera, katundu wanu pamene munkakayamba banja, zonse zinakwera mmenemo. Ife tomwe tinaphunzirira mayina a zida pansi pake, mitu itagundana pakatoni imodzi. Chisiyireni malole, munthu akamafuna Bambo ankangoti a pikapu aja, ndipo aliyense ankadziwa.

Zakuti pikapu inaima ndinkazidziwa. Koma maulendo anga am'mbuyomu anali ongofika lero n'kubwerera mawa, ndipo Bambo sankalola kuti ndiikhudze. Ankati galimoto yawo aidzutsa okha. Ulendo uno ndinapeza pogwira. Ndinawauza kuti za kulira kapena kusalira n'zawo, sindilowererapo, koma petulo wotayikayu atiotcha tonse m'nyumba. Paipi yachitsulo yochokera kuthanki kupita kupampu yadyeka ndi dzimbiri, ndipo iyenera kusinthidwa yonse pamodzi ndi timapaipi talabala ta m'mapeto mwake. Anati chabwino, koma ndidziwe kuti bwana ndi iwo, ine ndine wothandiza.

Achimwene, galu wamkota sakandira pachabe, koma ine ndinali gonthi. Amayi atamva zoti tisintha mapaipi anayamba zachilendo. Poyamba anati ndabwera kudzapuma, osati kudzadetsa zovala. Kenako anati bwanji tingokhuthula petulo yenseyo galimotoyo ikhale chomwecho. Kenako anati tidikire inu, chifukwa inu ndi amene mumaidziwa bwino. Pamenepo ndiye anandiputa. Ndinawayankha kuti inu muli kutali, ndipo amene amadyera injini pabanja pano ndine, ngakhale ndili wamkazi. Amayi anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma Bambo anali pomwepo, ndiye anangolowa m'khitchini. Ndikanawatsatira n'kuwafunsa bwinobwino, bwenzi kalatayi palibe.

M'mawa mwake ndinapita kusitolo ya zipangizo. Ndinagula paipi yachitsulo yokulungidwa ngati nkhata, paipi yalabala yopirira petulo, manati atsopano a m'mapeto, ndi makilampu, timphete tachitsulo tija timamangidwa ndi sikuludiraiva. Wogulitsa anandifunsa ngati amuna anga andilembera bwino zimene ndatumidwa. Ndinamuuza kuti amuna anga ndi ine ndemwe, ndipo paipi imene wandipatsayo ndi ya madzi, akasinthe.

Bambo atagwira makilampuwo anachita tsinya. Anati zimenezo n'za anthu aulesi, iwo moyo wawo wonse amamanga paipi yalabala ndi waya ndipo sanatayepo ngakhale dontho. Mukukumbukira mmene anatiphunzitsira tonse awiri: kuzunguliza waya kawiri, kupota ndi pulayala mpaka paipiyo itafufuma pang'ono m'mbali, kudula, kenako kupinda kamchira kake kuti kasadzabaye chala cha munthu wobwera pambuyo. Ndinawauza kuti dziko linasintha. Anati dziko lisinthe, petulo sanasinthe.

Tinayamba dzuwa lisanatenthe. Ndinachotsa waya wa batire, tinakweza kumbuyo ndi jeke n'kuikira zidutswa za matabwa, ndipo petulo amene anatsala tinamukhuthulira m'chigubu. Amayi ndinawasamutsira mbaula yawo kuseri kwa nyumba. Ndinayala katoni n'kulowa pansi chagada. Bambo anakhala pakampando pafupi ndi tayala, bokosi la zida lili pamiyendo.

Sindikubisirani, m'mawa umenewo ndinasangalala mmene sindinasangalalirepo kwa nthawi yaitali. Ndikangotchula sipanala, inali kale m'dzanja langa, ndipo inali yoyenera. Ankandiseka kuti ndikulimbana ndi nati ngati ndikukoka mbuzi yokana. Nati ya kupampu inali itagwirana ndi dzimbiri, sipanala inaterereka, chala n'kukagunda chitsulo, ndipo ndinatukwana mawu amene sindingalembe pano. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti amenewo ndinatengera kwa iwo, osati kwa Amayi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chinthu chimodzi ndinachiona koma sindinachilabadire. Sipanala zija Bambo sankaziyang'ana. Ankazipapasa kukamwa kwake ndi chala n'kudziwa kukula kwake, nkhope ili kwina. Ine ndinkati ndi luso la akale. Ngakhale pamene Amayi anabweretsa tiyi, Bambo n'kutambasulira dzanja pambali pa kapu, Amayi n'kuwakankhira kapuyo m'dzanja mwachangu, ine ndinangoti achita chidima ndi dzuwa. Za ng'ala ya m'maso mwawo ndinkadziwa, koma ndinkayesa kachifunga chabe. Palibe anandiuza kuti diso limodzi linatheratu ndipo linalo likungoona zithunzithunzi. M'nyumba muno amayenda ngati munthu woona chifukwa mapazi awo analoweza.

Paipi yakale inatuluka m'zidutswa, pena inkangofumbutuka m'manja. Ndinaziyala pansi motsatana kuti tione makhotedwe ake, ndipo yatsopanoyo anaipinda ndi Bambo, pang'onopang'ono, moizunguliza pa botolo kuti isafinyike pokhota. Manja awo sanjenjemera ngakhale pang'ono. Ine ndinalowetsa manati, n'kukulitsa milomo ya paipi ndi kachida kamene ndinabwereka kwa makaniko wina wa m'dera lino, ndipo iwo anayendetsa chala pamilomopo n'kundibwezera mbali imodzi, ati yang'ambika pang'ono idzadontha. Nditayang'anitsitsa, inalidi yong'ambika. Ndinadula n'kupanganso. Kenako ndinailowetsa motsatira chesisi, msana wachitsulo wa galimoto, kutali ndi paipi ya utsi yotentha ija.

Panatsala kachidutswa kamodzi, kapaipi kalabala kafupi kolumikiza thanki ndi paipi yachitsulo. Kali pamwamba pa thanki, pobisika, pamene dzanja limafika mwini wake asakuonapo. Bambo ndi msana wawo uja sakanafikako. Nditakapapasa ndinadabwa kuti n'kofewa, katsopano poyerekeza ndi zina zonse. Ndinakatokosa ndi sikuludiraiva mpaka kanavuka, waya wake ali pomwepo. Ndinakaponyera kunja kwa Bambo n'kuwauza kuti andidulire kena kofanana nako kutalika.

Kunja kuja kunati zii. Ndinaitana, osayankha. Nditasuzumira ndinaona akukafinya pakati ndi zala. Kenako anakaika pakamwa n'kuuzira mpaka masaya anafufuma, koma mpweya unkangotuluka ngati kamluzu. Anatenga waya wolimba n'kutokosa m'kati. Pakatoni panagwa kabawuti kakang'ono, kodulidwa mutu bwinobwino ndi sowo, kokwana ndendende m'paipimo.

Ndinatuluka pansi paja. Munthu wa ntchito yanga sindinafunikire kuuzidwa. Kabawuti kotere sikatsekeratu. Petulo amadutsa pang'onopang'ono m'mizere yake, galimoto ikagona n'kudzaza paipi ndi sefa, moti m'mawa injini imapeza kakumwa kokwana kulira kanthawi, kenako n'kufa ndi ludzu. Ndinayamba kulalata. Ndinatchula amakaniko aja, ndinatchula aneba a kuseri kwa mpanda amene Bambo anakangana nawo pa za ngalande. Ndinati amene anachita zimenezi ndi mfiti yopanda chisoni, yozunza munthu wokalamba. Amayi anali ataima pakhomo la khitchini.

Bambo sanalalate. Anali akuyendetsa chala chachikulu pa waya womanga kapaipi kaja. Anandiuza kuti nditseke pakamwa ndibwere ndidzagwire. Anaika chala changa popotedwa paja n'kundifunsa kuti ndikumva chiyani. Ndinati ndi waya wozunguliza kawiri, kamchira kopinda, mamangidwe athu omwe. Anati eya, ndipo amene amamanga chonchi tilipo atatu okha. Kenako anati ndimve kumene wapotera. Iwo akapota, waya amapita kumanja. Ine ndikapota, kumanja. Uyu anapotera kumanzere.

Sanatchule dzina lanu. Anangoti ndi ntchito yaukhondo, mwanayu anaphunzira. Amayi anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kudziphimba kumaso ndi mpango.

Kuyambira muli mwana Bambo akhala akukutchani Manzere. Ankakumenyani padzanja kuti mugwire pulayala ngati anthu, mpaka anatopa n'kukusiyani. Munakumbukira kudula mutu wa kabawuti, munakumbukira kubisa pamwamba pa thanki, munakumbukira ngakhale kupinda kamchira kuti wobwera pambuyo asabayike. Dzanja lanu lokha ndi limene munaliiwala.

Zotsalazo anandiuza ndi Amayi tili awiri m'khitchini, akulira. Anandiuza za tsiku lija pamphambano ya kusukulu, pamene Bambo anadutsa pakati pa ana akuwoloka msewu osachepetsa liwiro ngakhale pang'ono, chikwama cha mwana wina n'kukodwa pagalasi la m'mbali. Amayi anali m'galimotomo. Atakuwa, Bambo anafunsa kuti chachitika n'chiyani, chifukwa sanaone kanthu. Anati inu mutabwera munayesa kuyamba nkhani ya makiyi, Bambo n'kukukalipirani kuti mwana sauza bambo wake koyenda, inu n'kuisiya nkhaniyo pomwepo. Ndiye munadikira tsiku limene anapita kuchipatala pa minibasi, n'kulowa pansi pa galimoto. Amakaniko aja Amayi ndi amene ankawatsina khutu pageti. Ndipo munagwirizana kuti ine ndisadziwe, ati chifukwa pakamwa panga sipasunga kanthu pamaso pa Bambo.

Amayi anati iwo anasankha kukhala ndi mwamuna wokhumudwa koma wamoyo, wopanda magazi a mwana wa eni m'manja mwake.

Zoti sindikanasunga chinsinsi simunaname. Komabe zikundiwawa. Mukanandiuza, bwenzi nditakangana nanu, mwina bwenzi nditakutukwanani, koma sindikanaponya kapaipi kaja m'manja mwa Bambo ngati ndikuwapatsa switi. Ndinalowa pansi paja ndi mtima wofuna kuwakondweretsa, komanso ndi kamtima kena kofuna kuonetsa kuti ndimatha kuposa inu. Ndinatseka podontha, n'kutsegula pamene inu munatseka.

Funso limodzi lokha likundivuta. Bwanji osangotsekeratu? Galimotoyo ikanafa kamodzi, Bambo akanalira n'kuiwala. Ndaganiza n'kuganiza, ndipo ndikuona ngati ndikudziwa yankho. Bambo ankatiuza kuti injini yosalira imauma n'kugwirana m'kati, ndiye inu munaisiyira kampata kuti izipumako m'mawa uliwonse. Munaimvera chisoni injini, achimwene. Simunaganize kuti kulira kwa kanthawi kumeneko n'kumene kuzidzutsa munthu wamkulu ndi chiyembekezo tsiku lililonse.

Masana a tsiku lomwelo Bambo anandiitana kuti timalize, ati ntchito sisiyidwa pakati. Ndinalowanso pansi. Kapaipi katsopano anadula okha, ndipo ulendo uno sanatsutsenso za makilampu, anangondipatsa. Ndinamanga, ndinalumikiza kupampu, tinatsitsa jeke, tinathira petulo, ndipo ndinayendetsa chala polumikiza ponse kuona ngati pakunyowa. Ponse panali pouma. Mumtima ndinkapemphera kuti batire ikhale yofooka. Bambo anakhala pachiwongolero n'kupukusa makiyi kangapo mpaka mafuta anafika, ndipo injini inalira. Tinadikira kutsokomola kuja, koma sikunabwere. Inalira mpaka shedi yonse inadzaza utsi, ndipo palibe aliyense wa ife amene anasangalala.

Atazimitsa sanatsike. Analankhula nkhope ili kutsogolo, manja ali pachiwongolero. Anati za maso akuzidziwa, si mwana, ndipo kukuwa kwa Amayi pamphambano paja kukadali m'makutu mwawo. Anati mukanalimba mtima n'kuwalanda makiyi maso ndi maso, bwenzi atakutukwanani, mwinanso kukuthamangitsani pakhomo, koma mkwiyo ukanatha, chifukwa wokulanda chinthu iwe ukudziwa ndiye kuti akukuyesabe munthu.

Anati chimene chikuwapweteka n'chakuti nthawi yonseyi ankadzuka, kuvala ovolosi, kuliza galimoto, n'kuimva ikufera m'manja mwawo, ndipo anafika pokhulupirira kuti nzeru zawathawa. Masiku ena ankadziyesa okha potchula mayina a zidzukulu motsatana, kuopa kuti nawonso awaiwala. Ndipo nthawi yonseyi mkazi wawo ankawabweretsera tiyi kushedi n'kumawafunsa ngati lero zatheka.

Achimwene, ndinalira ngati mwana, girisi kumaso konse.

Chichitikireni zimenezi nyumba ino yazizira. Bambo savalanso ovolosi. Kushedi sapitako chifukwa kulibenso chokonza. Amadzuka mochedwa, amakhala pakhonde tsiku lonse, chakudya amangolawa. Amayi akawalankhula amayankha mwaulemu ngati akuyankha mlendo, ndipo Amayi akuti bola akanawakalipira. Ndazindikira mochedwa kuti vuto lija, ngakhale linkawazunza, ndi limene linkawadzutsa pabedi. Inu munawalanda msewu, ine ndawalanda ntchito, ndipo sindikudziwa kuti wawalanda zambiri ndani.

Makiyi ali m'thumba la malaya awo, ndipo sawasiya ngakhale popita kosamba. Amayi anandinong'oneza kuti ndichotse kanthu kena mu injini mwakachetechete, kawaya kamodzi kokha. Ndikhoza kutero nditatsinzina. Ndinakana. Ndinawauza kuti m'nyumba muno bodza lakwana, sindiwonjezerapo langa. Komanso Bambo tsopano akudziwa poyambira kufufuza, angakapeze tsiku lomwelo, ndipo akapeza ndiye kuti atsala opanda mwana womukhulupirira. Mwina ndikulakwitsanso, sindikudziwa. Ndagwira njakata.

Dzulo m'mawa anandiitana pakhonde. Anatulutsa kabawuti kaja m'thumba, atakatsuka n'kukakulunga m'kansalu. Ndinagwada n'kuwapempha kuti andipatse makiyi, kapena andilole ndikabwezere kabawutiko ineyo, iwo akudziwa. Anakana. Anati ntchito imeneyo ili ndi mwini wake, ndipo iwo sanaphunzitse ana awo kumaliza ntchito za eni.

Anandiuza kuti ndikulembereni mawu awa, ndipo ndikulemba monga mmene ananenera. Akuti kumapeto kwa mwezi uno ali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala wa maso, ndipo popeza galimoto yawo tsopano ili bwino, apita akuyendetsa okha. Njira yake mukuidziwa, ndi yodutsa pamphambano pomwe paja.

Akuti pali munthu mmodzi yekha amene angawaletse. Manzere abwere, ayale katoni, alowe pansi dzuwa likuswa mtengo, abwezere kabawuti kake pamene anakaika, iwo atakhala pakampando pambali pa tayala akumupatsira pulayala. Akamaliza atuluke, aime pamaso pawo, anene ndi pakamwa pake chifukwa chimene watsekera. Akatero makiyi amupatsa m'manja, ndipo sadzawafunsanso mpaka kalekale.

Ndinawafunsa kuti nanga mukapanda kubwera. Anati ndiye kuti alibe wowaletsa.

Bambo mumawadziwa, sanena zinthu zongoopseza. Amayi akuti tsikulo akaima pageti. Ine ndinati ndikagona kutsogolo kwa matayala, koma nditanena ndinazindikira kuti ndikulankhula ngati munthu amene sanamvetsebe. Choopsa si chakuti sangaime chifukwa cha ukali. Choopsa n'chakuti sadzationa. Ndipo ngakhale titawagwira tsiku limenelo, tchuthi changa chikutha, ndipo masiku otsatirawo Amayi adzakhala okha ndi miyendo yawo yotupayo.

Ndiye ndikukupemphani, achimwene anga, musatumize uthenga, musaimbe foni yopepesa, musatume alamu. Pemphani tchuthi kuntchito, nenani kuti bambo anu akudwala, ndipo simudzakhala mukunama. Ndikudziwa kuti mumawaopa. Tonse timawaopa, ineyo ndi pakamwa pangapa ndimawaopa. Ndikudziwanso kuti munachita zija chifukwa chowakonda, ndipo mwina munapulumutsa mwana wa munthu amene sitidzamudziwa n'komwe. Koma zimenezo mudzanene nokha, mutaimirira pafupi, kuti amve mawu anu, poti nkhope yanu sangaionenso bwino.

Musade nkhawa ndi zida, zonse zilipo. Waya ndagula, ndipo makilampu a pamwamba pa thanki ndidzakumasulirani ndekha. Zotsalazo ndi zanu.

Mundikhululukire pa mawu a ufiti aja, ndi pa kudzikuza kwanga kumene kwatifikitsa apa. Nanenso ndakukhululukirani pondibisira, ngakhale mukafika ndidzakukalipiranibe pang'ono, chifukwa ndine mlongo wanu ndipo ndi ufulu wanga.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikuwabwereka amuna awo kanthawi kochepa ndipo ndiwabweza ali ndi girisi. Ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Amayi akupereka moni, ndipo akuti musazengereze. Bambo ndinawafunsa ngati ndilembe moni wawo. Anati ayi, moni adzakupatsani okha mukadzatuluka pansi pa galimoto.

Mulungu akusungeni, ndipo akuyendetseni bwino panjira yobwera kuno.

Ndine mlongo wanu,
Sipanala